Za Mlendo wa pa Njinga ndi Phiri la Kwathu

Ana inu, lero ndifuna kukusimbirani za manyazi amene ndinachita tsiku lina pa msika wa Lizulu, ndi za ulendo umene unabadwa m'manyaziwo. Mphunzitsi sakonda kuulula kupusa kwake pamaso pa ana. Koma ndaganiza kuti kuli bwino mumve kwa ine mwini, kuti mungagwe m'mbuna momwe ndinagwamo ine.

Ine ndinabadwira m'dziko lino la Ntcheu, kumtunda kuno kumene mseu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe uyenda m'malire, kum'mawa kwake Malawi, kumadzulo kwake Mozambique. Ndaphunzitsa ana zaka zoposa 20. Masiku onsewo phiri la Chirobwe linali pamaso panga. M'mawa potuluka m'nyumba ndinaliona, madzulo poweruka ndinalionanso. Koma sindinalikwere ndi kamodzi komwe. Ndinkati mumtima mwanga, Kuphiri apitako otola nkhuni ndi abusa a mbuzi. Munthu wophunzira akatengako chiyani?

Tsiku lina m'mwezi wa June ndinapita ku msika kukagula ndiwo. Ndipo ndinapeza mzungu, mnyamata wa ndevu, ataimika njinga yake yolemedwa ndi zikwama pafupi ndi amai ogulitsa mbatata ya kachewere. Anali pa ulendo wautali wochokera ku Nairobi kunka ku Cape Town, akupalasa yekha. Popeza amaiwo sanamvane naye, anandiitana nati, "Aphunzitsi, tabwerani mutimasulire, mlendoyu angoseka ndi kuloza ndowa zathu." Ndinamfunsa m'Chingerezi chimene anali kuseka. Iye anati, "Ndakondwa pakuti ndapeza bwenzi langa lakale. Mbatata iyi ndinaiona kwao kwenikweni, ku dziko la Bolivia, ndipo sindinadziwe kuti ndidzaipeza pano yochuluka chotere." Pamenepo tinakhala pansi pakhonde la sitolo, ndipo anandisimbira za dzikolo.

Mukatsegula mapu a dziko lonse lapansi mudzapeza Bolivia pakati pa South America. Dzikolo lifanana ndi lathu pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti lilibe gombe la nyanja ya mchere, pakuti gombe lake linatengedwa ndi dziko la Chile pa nkhondo imene inayamba m'chaka cha 1879. Koma pa kutalika kwa mapiri sitingalinganize konse. M'dzikomo mupita mtandadza wa mapiri otchedwa Andes. Inu mudziwa kuti nsonga yoposa zonse m'Malawi ndiyo Sapitwa, pa phiri la Mulanje, imene ili mamita 3,002 pamwamba pa nyanja ya mchere. Tsono mzinda wa La Paz, kumene kukhala boma la Bolivia, uli pa mamita pafupifupi 3,600. Ndiko kunena kuti ana a ku La Paz agona ndi kuphunzira pamalo pamene Sapitwa safikapo. Ndipo pafupi ndi mzindawo paima phiri la Illimani, la mamita oposa 6,400, lofunda chipale chofewa chaka chonse.

Alendo ambiri aoloka nyanja chaka ndi chaka kukaona dzikolo. Ena apita ku nyanja ya Titicaca, imene ili m'malire a Bolivia ndi Peru pa mamita 3,812. Pamene Nyanja yathu ya Malawi siifika ndi pa mamita 500 pomwe. Ena apita ku Uyuni, kumene kuli chidikha cha mchere wokhawokha, choyera mbee, chachikulu kotero kuti boma lathu lonse la Ntcheu likhoza kulowamo katatu. Mvula ikagwa, madzi pang'ono akhala pamwamba pa mcherewo, ndipo thambo lionekera pansi monga m'kalirole. Enanso, okonda zoopsa, akwera njinga pa mseu wa Yungas, umene uyamba pa mamita pafupifupi 4,700, nutsika m'mphepete mwa maphompho kufikira ku nkhalango zotentha, ulendo wa makilomita oposa 60. Kale magalimoto ambiri anagwera m'maphomphomo, ndipo anthu anautcha Mseu wa Imfa. Koma kuyambira chaka cha 2006, pamene anatsegula mseu watsopano, wakalewo watsalira makamaka okwera njinga.

Mlendoyo anandiuzanso kuti dziko lokwezeka chotero lili ndi malamulo ake. Munthu akamakwera, mpweya unka nuchepa. Ku La Paz, mpweya umene munthu akoka popuma kamodzi uperewera ndi limodzi la magawo atatu, poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja ya mchere. Chifukwa chake mlendo wofika kumene amva mutu, apuma wefuwefu, nasowa tulo. Ndipo eni dziko atcha matendawo soroche. Mankhwala ake oyamba ndiwo kudekha: kupumula masiku awiri kapena atatu, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kumwa madzi, matenda akakula, ayenera kutsika msanga. Ndipo anati, "Kumeneko munthu wanzeru, angakhale ali wamphamvu, sakwera phiri lalikulu wopanda mwini dziko womtsogolera."

Ine ndinafuna kumuonetsa kuti zina mwa izi ndinazidziwa kale, pakuti ku sukulu ya aphunzitsi tinaloweza maina a mapiri ndi mitsinje ya m'maiko onse. Ndinamtchulira Aconcagua, phiri loposa onse a Andes, ndi mtsinje wa Amazon. Iye anavomera. Ndipo anatembenuka, naloza ndi chala, nati, "Nanga phiri ilo dzina lake n'chiyani? Njira yake iyambira pati? Pamwamba pake muona chiyani?" Dzina ndinamuuza, koma pa mafunso awiri enawo ndinangoti kakasi. Mai wina wa kachewere anandifunsa chimene mlendo ananena, ndipo atamva anaseka nati, "Aphunzitsi athu adziwa mapiri a m'buku." Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tsiku limenelo kalumoko kanandimeta ine.

Chotero ndinatsimikiza mtima kukwera phirilo Loweruka lomwelo, pamodzi ndi ana 12 a Sitandade 7, ndipo makolo ao analola. M'mudzi wa m'tsinde mwa phiri munali agogo ena, oweta ng'ombe kuyambira ubwana wao, odziwa thanthwe lililonse la kumeneko. Tinawapeza ali kuotha moto pabwalo. Ndinawapatsa moni ndi kufunsa njira. Iwo anayang'ana kumwamba, nayang'ana ana, nati, "Aphunzitsi, mwachedwa kunyamuka, dzuwa lakwera kale. Ndipo mwera uwu sindiukonda. Taonani, phiri layamba kuvala chisoti. Lekani lero, mubwere tsiku lina mbandakucha, ndipo ndidzakuperekezani ndine." Koma ine ndinaona kuti mbali yaikulu ya thambo inali yoyera, ndipo ndinaganiza za manyazi a kubwerera ndi ana osakwera. Ndinati, "Zikomo agogo, koma tili ndi mapu, ndipo tibwera msanga." Iwo sanatsutse ai. Anangoti, "Chabwino, muyende bwino."

Poyamba ulendo unakoma ndithu. Tinapita m'minda ya kachewere ndi nsawawa, ndi kulowa m'mitengo ya masuku. Anyani anatikalipira ali pa matanthwe, mbira zinathawira m'ming'alu, ndipo ana anayenda akuimba. Pamene tinafika pa udzu waufupi wa kumtunda, dzuwa linali litapendeka. Pomwepo mphepo inazizira, ndipo nkhungu inakwera phiri monga utsi wa lupsa. Posakhalitsa sitinathe kuona ngakhale mtengo woima mapazi khumi patsogolo pathu. Mapu anali m'manja mwanga. Koma mapu athandiza munthu amene aona pamene waima.

Ndinaimitsa ana ndi kuwawerenga. Anali 11. Ndinawerenganso, ndipo anali 11. Wosowayo anali mnyamata wamng'ono mwa onse, mwana wamasiye wokhala ndi agogo ake aakazi, amene anabwera wopanda juzi ndi nsapato. Anatsalira m'mbuyo kuti azule munga kuphazi, wosauza munthu. Ana inu, chibadwire sindinaope monga ndinaopa nthawi imeneyo. Ndinadziwa kuti paphiripo pali malo otsetsereka ndi matanthwe aatali, ndi kuti usiku wa June kumtundako ukhoza kupha mwana wosafunda. Ndinaganiza za agogo ake, ndi za mau amene ndikanene pakhomo pao.

Ndinafuna kuthamanga kukamfuna, koma mtsikana wina wamkulu anandigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, mukachoka inu, ifenso tisowa." Ananena zoona. Ndinawakhazika onse kuseri kwa thanthwe, othithikana kuti afunditsane, ndipo tinayamba kuitana dzina la mnzathuyo tonse pamodzi, ndi kukhala chete kumvetsera. Tinatero kapena ora limodzi, koma kwa ine linali ngati chaka. Ana ena anayamba kulira, ndipo ine ndinalibe mau owatonthoza nao.

Pamenepo tinamva mluzu chakumunsi, mluzu wa abusa oitana ng'ombe. Tinayankha ndi kufuula. Unamvekanso pafupi. Ndipo m'nkhungumo munatuluka agogo aja, ndodo m'dzanja, galu patsogolo, mnyamata wathu pambali pao atamfunditsa chikhoti chao. Iwo atationa tikukwera, mtima wao sunakhazikike. Anatenga ndodo natitsata m'mbuyo mwakachetechete. Mwanayo anampeza atakhala patsinde pa mtengo, akunjenjemera. Chimene chinampulumutsa ndi ichi, kuti pamene anaona kuti wasokera sanayendeyende ai, koma anakhala pomwepo pambali pa njira.

Ndinayembekeza kuti agogowo andidzudzula pamaso pa ana. Koma anangoti, "Tiyeni adzukulu anga, gwiranani malaya, aphunzitsi akhale pambuyo." Natitsitsa ndi njira ya ng'ombe yotsata kamtsinje, ndipo tinafika m'mudzi kuli chisisira. Amai a m'mudzimo anasonkha moto waukulu, natiphikira kachewere ndi tiyi. Usiku womwewo ndinaperekeza mwana uja kwa agogo ake, ndi kuulula zonse wosabisa kanthu. Iwo anakhala chete nthawi, ndipo pambuyo pake anati, "Mwabwera naye, zikomo. Koma tsiku lina muzimvera akulu, aphunzitsi." M'mawa mwake ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa kwa makolo ena onse.

Muyenera kudziwa chiyambi cha nkhungu yotere. M'miyezi ya June ndi July mphepo ichokera ku nyanja ya mchere ya India, kum'mwera cha kum'mawa, itasenza chinyontho. Ikagunda mapiri ikwera, ndipo pokwera izizira. Pakuti pa mamita 1,000 alionse amene munthu akwera, kutentha kutsika ndi madigiri 6 kapena kuposapo pang'ono. Chinyontho chija chikazizira chisanduka nkhungu ndi mvula yowaza, imene tiitcha chiperoni. Zimenezi ine ndinaziphunzitsa kawirikawiri pa bolodi. Agogo aja sanakhalepo pamaso pa bolodi, koma ndiwo anazindikira nkhunguyo isanafike. Mlendo wa pa njinga anandiuza lamulo la ku Andes, lakuti usakwere wopanda mwini dziko. Ndipo ine ndinaliyesa lamulo la mapiri a kutali okha.

Patapita masabata atatu, agogowo anatuma mwana kudzandiuza kuti mwera wagona. Makolo a ana atatu anakana, ndipo sindinawadandaule. Koma agogo a mnyamata wamng'ono uja anamlola, popeza anamva amene atsogolera. Tinanyamuka tambala woyamba atalira, yense ndi juzi, madzi ndi kamba wa pa ulendo, agogo patsogolo, ine pambuyo. Iwo anayenda pang'onopang'ono, napumula kawirikawiri, natiwerenga pa mpumulo uliwonse monga awerengera ng'ombe polowa m'khola. Dzuwa lisanafike pamutu tinaima pansonga.

Phiri la Chirobwe lipitirira pang'ono mamita 2,000. Ku Bolivia akanalitcha chulu. Koma zimene tinaona tsiku limenelo sindidzaziiwala. Kum'mawa dziko ligwa pansi mwadzidzidzi kufikira ku chigwa cha Bwanje, ndipo patali Nyanja ya Malawi inang'anima ngati lata latsopano. Agogo analoza chakumene kupita mseu wa Khwekhwerere, wochokera pa Masasa kutsikira ku Golomoti, wokhotakhota ngati njoka. Ndipo ndinakumbukira mseu wa Yungas. Kumpoto kunaima phiri la Dedza, la mamita 2,198. Kuseri kwake ndiko ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zithunzi zimene Akafula ndi Achewa akale anajambula pa miyala, malo amene bungwe la UNESCO linawalemba m'chaka cha 2006 pakati pa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Kumadzulo tinaona chidikha cha Angonia m'dziko la Mozambique, ndipo agogo analoza ku Domwe, kumene Angoni a Maseko anakhala asanafalikire kuno. Malire amene ndinajambula kawirikawiri ndi choko sanaoneke konse; minda ndi midzi inangopitirira tsidya lino ndi tsidya lija. Kum'mwera kunatambalala mtandadza wa mapiri umene David Livingstone, podutsa m'chaka cha 1863, anaupatsa dzina la mnzake John Kirk. Koma agogo anatchula mapiriwo ndi maina ao enieni, Mvai ndi Dzonze. Ndipo poloza cha ku Dombole, kumene Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a boma la Angerezi m'chaka cha 1896, anavula chipewa chao. Ana onse anakhala chete. Mbiri imeneyo anaimva m'kalasi, koma tsiku limenelo anaona dziko limene inachitikamo.

Tinaonanso za chisoni. M'mbali zina za mapiri munali mwa mpala, ndipo apa ndi apo panakwera utsi wa ootcha makala. Agogo anati kamtsinje kamene tinatsata usiku uja kanali kosaphwa pa unyamata wao, koma tsopano kauma dzinja lisanafike. Ndinakumbukira damu la Mpira la ku Mvai, limene lipereka madzi a m'mipope ku midzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka, kuti linaphwa m'chaka cha 2018, ndipo anthu anasauka ndi ludzu. Phiri ndilo nkhokwe ya madzi. Koma wosakwerako sadziwa kuti nkhokweyo ili kudontha.

Pambuyo pake tinakhala pansi kudya kamba wathu, ndiye kachewere wophika ndi mchere. Pamenepo ndinaona kuti inenso ndili nako kanthu kopatsa agogo. Ndinawauza pamodzi ndi ana kuti mbatata imeneyi anayamba kuilima ndi anthu a ku mapiri a Andes, pafupi ndi nyanja ya Titicaca, zaka zoposa 7,000 zapitazo. Kufikira lero anthu a mitundu ya Aymara ndi Quechua alima mitundu yake mazanamazana, yofiira, yachikasu ndi yakuda. Ina aiyala pabwalo usiku kuti chisanu chiiumitse gwa, naiponda ndi mapazi, naiyanika padzuwa. Ndipo chakudya chimenecho, chotchedwa chuño, chisungika zaka. Anthu a ku Spain anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuchokera kumeneko inafika kuno ndi azungu. Popeza kwao ndi kozizira, ikonda ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Dedza, koma kugombe la Nyanja siikondwa. Agogo anaiyang'ana mbatata inali m'dzanja lao, naseka nati, "Kodi nayonso ndi mlendo? Ndiye yakhazikika ngati ife Angoni."

Potsika ndinalingalira kuti ine ndinadziwa kumene mbatata inachokera, ndipo iwo anadziwa kumene nkhungu idzera. Koma tsiku la tsoka lija nzeru yao ndiyo inabweza mwana kwa agogo ake. Kuyambira pamenepo ndikwera phirilo chaka chilichonse ndi ana a kalasi langa. Tipita m'mwezi wa May, mvula itatha ndi utsi wa malupsa usanaphimbe dziko. Ndipo sindinyamuka ndisanapite kukafunsa eni mudzi.

Ana inu, kulakalaka kuona maiko a kutali si kulakwa ai. Kapena wina wa inu adzaima tsiku lina m'mbali mwa nyanja ya Titicaca, nadzayenda pa mchere wa ku Uyuni. Ndipo ndikadzamva ndidzakondwa. Koma yambani ndi phiri la pakhomo panu. Pemphani makolo anu. Funsani akulu odziwa njira, ndi kumvera chimene anena za mphepo. Nyamukani m'mamawa, mutatenga chofunda, madzi ndi kamba, ndipo muyambe kutsika dzuwa lisanapendeke. Musasiyane ndi anzanu. Mukafuna kuima, nenani. Nkhungu ikakupezani, khalani pamene muli ndi kuitana. Musatenthe udzu, musadule mtengo. Mukatero, tsiku limene mlendo adzaima pa msika wathu, naloza phiri, nafunsa kuti pamwamba pake muona chiyani, inu mudzakhala nao mau omyankha.